Ikadali early access, mayi a Junior

Pali anthu ena akangogula chinthu modula, amasanduka loya wa chinthucho ngakhale chikuwazunza anthu akuona. Mlamu wanga ndi tcheyamani wa gulu limeneli. Meyi 2017, 11 koloko usiku, ine ndili pamkeka ndikunamizira kugona, mlamuyo ali palaputopu kusewera gemu ya zombo za nkhondo yotchedwa Naval Action, achemwali anga, mayi a Junior, akumudikira kuti adye.

MAYI: Bambo a Junior, nsima yazizira.

BAMBO: Ndili paulendo.

MAYI: Ulendo wanji muli pampandopo?

BAMBO: Ndanyamuka ku Port Royal, ku Jamaica. Ndikukakumana ndi anzanga ku La Tortue.

MAYI: Ine palaputopupo ndikungoona madzi.

BAMBO: Ndiyo nyanjayo. Caribbean yonse anaiikamo, Cuba, Bahamas, mpaka gombe la Mexico.

MAYI: Chiyambire 9 koloko mukungoyang'ana madzi. Ku Senga Bay munakana kukwera bwato, mumvekere mutu ukuzungulira.

BAMBO: Lija linali bwato la asodzi. Ichi ndi chombo cha nkhondo, mizinga mbali zonse.

MAYI: Ndiye pondani moto mukafike msanga, mudzadye.

BAMBO: Chilibe injini. Nthawi ya Nelson, mkulu wa asilikali apanyanja a Britain uja, zombo za nkhondo zinkayendera matanga basi. Panopa mphepo ikuchokera komwe ndikupitako, ndiye sindingalunjike. Ndiyenera kupita uku, n'kukhota, kupita uko, n'kukhotanso.

MAYI: Ngati malume anu akamachokera kokachasu.

BAMBO: Malume alibe luso. Apa pamafunika mutu. Ukakhota molakwika chombo chimayang'anizana ndi mphepo, matanga n'kugwa ulesi, chimayamba kubwerera chammbuyo.

MAYI: Ngati mmene chikuchitira panopamu?

BAMBO: Mwandisokoneza ndinu.

MAYI: Anthu ena magemu awo amathamangitsana, kuwomberana, mphindi khumi zatha, n'kubwera kudzadya. Inu munasankha gemu yodikira mphepo.

BAMBO: Simunamve mizinga ikulira, mayi a Junior. Valani mahedifoniwa tsiku lina. Mbali yonse ya chombo ikatulutsa moto nthawi imodzi, utsi umaphimba nyanja, mdani osamuonanso. Ndipo sungangowombera chiwomberewombere ayi. Ukafuna kung'amba matanga ake umaika zipolopolo zolumikiza ndi tcheni. Ukafuna kuboola matabwa, zozungulira zija. Ukafuna kutha amalinyero, umazemba kumbuyo kwake komwe kuli mawindo n'kuthira zing'onozing'ono. Mphepo ikapendeketsa chombo, mizinga ya mbali imodzi imaloza kumwamba, ya mbali inayo m'madzi. Zonsezo uziwerengera. Gemu ina iti imachita zimenezi?

Apa ndivomereze, ndinasuzumirako tsiku lina. Zombozo n'zokongoladi, dzuwa likamalowa kuseri kwa matanga mpaka umaiwala kuti uli m'nyumba yopanda siling'i. Koma tipitirize.

MAYI: Chabwino. Nanga dzulo bwanji chombo chinalowa m'phiri n'kukanirira momwemo?

BAMBO: Ikadali early access.

MAYI: Dzana inakutulutsani pakati pa nkhondo.

BAMBO: Early access.

MAYI: Mawu amenewa ndawamva chaka chonse. Tandimasulireni bwinobwino lero.

BAMBO: Ndiye kuti gemuyo sinathe kupangidwa, koma amakulola kugula n'kumasewera iwo akupitiriza kumanga. Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, inayamba zimenezi mu 2013. Naval Action yalowamo mu Januwale 2016.

MAYI: Sinathe.

BAMBO: Sinathe.

MAYI: Koma ndalama munalipira yonse.

BAMBO: Madola 40 okha.

MAYI: Musandiuze m'madola ngati ndine mzungu. Pafupifupi K30,000. Ya magalasi a windo la kuchipinda ija, lomwe mpaka lero tinatseka ndi njerwa.

BAMBO: Windo lidzaikidwa.

MAYI: Nyumba inonso ndi early access eti?

BAMBO: Mukuyamba kumvetsa.

MAYI: Ndiye kuli ngati kupita kwa telala, kulipira suti yonse, iye n'kukupatsani jekete la mkono umodzi kuti muzivala kaye.

BAMBO: Koma telala ameneyo amakufunsa maganizo! Ubwino wake ndi umenewo. Ife osewera ndife alangizi. Ine ndinalemba masamba atatu kuti maulendo afupikeko.

MAYI: Anafupika?

BAMBO: Kunali anthu ena analemba masamba asanu kuti atalike.

MAYI: Ndiye mumalipira kuti muwagwirire ntchito yofufuza zolakwika.

BAMBO: Timathandiza.

MAYI: Ganyu wolipira bwana. Sindinamuonepo chibadwire.

BAMBO: Ikadzatha, tidzanena kuti ife tinalipo pachiyambi.

MAYI: Idzatha liti?

BAMBO: Posachedwa.

MAYI: Mawu a telala enieni. Bwanji simunabweze n'kutenga ndalama yanu?

BAMBO: Steam imabweza ngati sipanathe masiku 14 ndipo sunasewere kupitirira maola awiri.

MAYI: Ndiye?

BAMBO: Maola awiri oyambawo ndinali ndikuphunzira kutuluka padoko.

MAYI: Munatuluka?

BAMBO: Ola lachitatu.

Kunja galu anauwa. Mlamu anaweramira pasikirini.

BAMBO: Dikirani. Matanga atatu kumbuyo kwanga. Mbendera yakuda.

MAYI: Anzanu aja?

BAMBO: Achifwamba a ku Mortimer Town. Anthu enieni amenewo, ali m'nyumba zawo kwinakwake. Kukoma kwa gemu yosewera anthu ambiri n'kumeneku, sudziwa chomwe chikubwera.

MAYI: Atatu kulimbana ndi inu nokha ndiye kukoma?

BAMBO: Panyanja palibe chilungamo. Mbiri imatero.

MAYI: Thawani.

BAMBO: Mphepo ili kwa iwo.

MAYI: Womberani.

BAMBO: Ndadina. Seva ili ku Ulaya, ndiye lamulo langa limayamba layenda kaye, likafike, libwerere.

MAYI: Lamulonso likuyendera matanga?

BAMBO: Musandiseketse, andithyolera mlongoti.

MAYI: Anzanu a ku La Tortue aja ali kuti?

BAMBO: Ndawaitana. Akuti afika pakatha mphindi 40.

MAYI: Adzafikira pamaliro.

BAMBO: Ayi, ayi, ayi. Chaima. Chilichonse chaima. Mayi a Junior, bandulo!

MAYI: Yatha.

BAMBO: Ndipatseni foni yanu msanga!

MAYI: Yanga munamaliza Lachiwiri ndi update ija.

Anathamanga kukadzutsa Junior, kulanda foni ya mwana. Pomwe amalowanso, anapezeka ali padoko, chombo mulibe.

MAYI: Chamira?

BAMBO: Achilanda. Koma musadandaule, zombo za saizi imeneyi zimakhala ndi miyoyo isanu.

MAYI: Ndiye yatsala inayi.

BAMBO: Umenewu unali wachisanu.

MAYI: Masabata angati munachimanga?

BAMBO: Atatu. Kusaka mitengo ya teak, chitsulo, chingwe, kudikira maola a amisiri akwane. Koma ndaphunzirapo kanthu.

MAYI: Mwaphunzira chiyani?

BAMBO: Kuti bandulo izikhala ya mwezi.

MAYI: Idyani mugone.

BAMBO: Sindigona. 3 koloko tili ndi nkhondo yoteteza doko. Zombo 25 mbali iyi, 25 mbali inayo, ola ndi theka. Imeneyo ndiye gemu yeniyeni, zinazi n'zokometsera.

MAYI: Bwanji 3 koloko ya usiku ngati afiti?

BAMBO: Adani athu ambiri ali ku America. Kwawo imakhala nthawi yoti angodya kumene mgonero.

MAYI: Ndiye iwo amadya kaye.

BAMBO: Admiral wathu walamula kuti aliyense apezeke.

MAYI: Yemwe amakukalipirani m'mahedifoni uja? Wa mawu ang'onoang'ono?

BAMBO: Ndi katswiri.

MAYI: Ali ndi zaka zingati?

BAMBO: Panyanja sitifunsana zaka.

MAYI: Sabata yatha ndinamva mayi wina akumukalipira, iye n'kuzimitsa.

BAMBO: Anali ndi mayeso m'mawa mwake.

MAYI: Inu bambo wa ana awiri, kuntchito bwana akati mubwere Loweruka mumadwala malungo. Kamwana ka sukulu kakati 3 koloko, mumatchera alamu.

BAMBO: Ndi nkhani ya ulemu wa dziko.

MAYI: Dziko liti?

BAMBO: Britain.

MAYI: Agogo anu anamangidwa mu 1959 pokana anthu amenewo.

BAMBO: Ndikanasankha Sweden, koma madoko awo ndi ochepa.

MAYI: Nanga mukamenya ndi chiyani poti chombo alanda?

Apa mlamu anakhala tsonga, n'kukonza kolala ya malaya ngati akufuna kulankhula pamsonkhano.

BAMBO: Ndili ndi Victory. Miyezi inayi ndakhala ndikusonkhanitsa zipangizo. Chombo cha Nelson chenicheni, cha pa nkhondo ya ku Trafalgar mu 1805. Mizinga 104, nsanjika zitatu. Chinalowa m'madzi mu 1765 ndipo mpaka lero chilipo ku Portsmouth, anthu amakachiona.

MAYI: Mwapitapo nacho kunkhondo kangati?

BAMBO: Sindinachitulutsepo. Chimenechi moyo wake ndi umodzi. Chikamira chapita.

MAYI: Ndiye mumatani nacho?

BAMBO: Ndimachiyang'ana.

JUNIOR (ali pakhomo, akudikira foni yake): Adadi, mwawerenga uthenga uli pamwambapo? Akuti kukubwera wipe.

MAYI: N'chiyaninso chimenecho?

JUNIOR: Afufuta zombo za aliyense, ndalama, katundu yense. Onse ayambirenso ndi kaboti kaulere kaja. Ndipo zombo zonse zizikhala ndi moyo umodzi.

Nyumba inati zii. Ngakhale galu uja anasiya kuuwa.

MAYI: Bambo a Junior?

BAMBO: Ndi nkhani yabwino.

MAYI: Mwati?

BAMBO: Yabwino kwambiri. Chuma cha m'gemumu chinasokonekera, anthu akale analemera mopitirira. Tsopano tonse tiyambira pamodzi.

MAYI: Victory yeniyeni yakhala zaka 252, yapirira mizinga ya Afalansa, chiswe cha m'madzi, mabomba a Hitler. Yanuyi miyezi inayi, osanyowa n'komwe.

BAMBO: Anatichenjeza pogula kuti zotere zikhoza kuchitika. Zinalembedwa.

MAYI: Maso afiirawo bwanji?

BAMBO: Utsi wa mbaula.

MAYI: Mbaula ndinazimitsa 8 koloko.

BAMBO: Ikadali early access, mayi a Junior.

Mawa lake madzulo achemwali anga anabwera ndi mbale, n'kuiika patebulo mwaulemu wonse, mpaka kugwada.

BAMBO: Ichi n'chiyani?

MAYI: Nsima.

BAMBO: Ili ndi ufa wauwisi pakati. Mbali inayi ndi phala.

MAYI: Ikadali early access. Muzidya ine ndikupitiriza kuphika.

BAMBO: Ndiwo zili kuti?

MAYI: Zikubwera mu update.

BAMBO: Liti?

MAYI: Posachedwa. Mukhoza kulemba maganizo anu, masamba atatu. Junior walemba asanu kuti tizidya mbatata.

Tonse tinadikira kuti munthu agonje. Mlamu anasamba m'manja, kutema mbamu, kuiyang'ana, n'kumeza yosatowa.

BAMBO: Ili ndi tsogolo.

MAYI: Mwati bwanji?

BAMBO: Maziko ake ndi abwino. Ufa ndi woyera. Anthu osaleza mtima ndi amene angadandaule.

Achemwali analanda mbale ija n'kukakhuthulira galu.

BAMBO: Nanga bwanji tsopano?

MAYI: Wipe. Tonse tiyambira pamodzi.

BAMBO: Zomveka.

Anagona ndi njala, koma 3 koloko alamu inalira ndithu.

Mu Juni 2019 gemu ija inatulukadi mwalamulo, early access n'kutha. Potulukapo anafufutanso zombo. Ndinapita dala kukacheza kuti ndikamve chomwe anene tsopano poti chishango chija chachoka.

MAYI: Lero ndiye yatha kupangidwa. Nanga mwakhala maola awiri mukuyang'ana madzi bwanji?

BAMBO: Iyi si ija. Ndagula ina.

MAYI: Yatha kupangidwa imeneyo?

BAMBO: Pafupifupi.

MAYI: Windo lija?

BAMBO: Likubwera mu update.