Mwati kuweta ntchentche?

Ndapsa mtima kuyambira Lamulungu ndipo sunaphwebe. Mwana wa mlongo wanga wabwera kutchuthi kuno ku Ulongwe kuchokera kusukulu ya ukachenjede. Tili pakhonde tikumwa thobwa, bambo ena achikulire amene timawalemekeza anamufunsa kuti, "Iwe, kusukuluko ukuphunzira chiyani?" Mwana anagwada bwinobwino n'kuyankha kuti akufufuza za mabakiteriya abwino a m'matumbo, ndipo amagwiritsa ntchito tintchentche tija timaunjikana pa nthochi zovunda ndi pa masese. Bambo aja anaseka mpaka kukhosomola. "Amako agulitsa mbatatesi zaka zonsezi kuti iwe ukawete ntchentche?" Khonde lonse linagwa nacho chiphwete. Mwana anangowerama n'kumatokosa pansi ndi chala.

Ine sindinaseke. Ndinakhala chete chifukwa cha ulemu, koma pano ndilankhula.

Bambo, chimene simukuchidziwa musachiseke. Funsani. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Kantchentche kamene munakaseka aja kali ndi dzina, Drosophila melanogaster, ndipo anthu akhala akukaweta m'mabotolo kwa zaka zoposa 100. Thomas Hunt Morgan anakaweta ku Columbia University ku America, mu 1910 anapeza kamodzi ka maso oyera pakati pa tinzake ta maso ofiira, ndipo kuchokera pamenepo anaonetsa mmene mwana amatengera makolo. Mu 1933 anamupatsa mphoto ya Nobel. Kodi iyeyonso mukanamuseka? Kapena mumaseka chifukwa amene wagwira botolo ndi mtsikana wa ku Angónia?

Mwanayu anandifotokozera madzulo, anthu atabalalika, ndipo maso ake anawala. Akuti m'mimba mwa munthu muli mabakiteriya ambirimbiri a mitundu mazanamazana, moti kudziwa kuti uyu akugwira ntchito yanji n'kovuta ngati kufufuza amene waponda nkhuku pamsika wodzaza. Koma m'matumbo mwa kantchentche muli mitundu yowerengeka chabe, makamaka Lactobacillus ndi Acetobacter. Woyambayo ndi wa banja lija limawawasitsa thobwa ikagonera, winayo ndi amene amasasitsa mowa. Ofufuza amatenga mazira a tintchentcheto, n'kuwatsuka ndi jiki, mphutsi zimaswa zopanda bakiteriya ngakhale mmodzi. Kenako amaikamo mtundu umodzi wokha n'kumaona. M'masiku pafupifupi 10 dzira lasanduka ntchentche yaikulu, yankho lapezeka. Mungachite zimenezi pa mwana wa munthu? Mungalole?

Ndiye tamverani ichi, inu oseka. Mu 2011 akatswiri a ku France anapeza kuti mphutsi zopatsidwa chakudya chosakwanira zimakula mochedwa, koma zikakhala ndi Lactobacillus plantarum m'mimba zimakula msanga pa chakudya chomwecho. Mu 2016 anayesa pa mbewa zoweta, zinatulukanso chimodzimodzi. Mawu akuti kupinimbira simunawamvepo kusikelo? Ana angati m'midzi yathu ino, kuno kumene timadzitama kuti ndi nkhokwe ya chimanga ndi nyemba, ali ndi zaka zisanu koma msinkhu wa zaka zitatu? Tsidya linali ku Malawi anafufuza mapasa amene mmodzi anatupikana wina ayi, ndipo mu 2013 zinadziwika kuti mabakiteriya a m'mimba mwawo anali ndi mbali pa matendawo. Sindikunena kuti ntchentche yathetsa njala. Chakudya n'chakudya. Koma funso limene mwana uja akulimbana nalo ndi la adzukulu anu omwe, bambo, ndiye inu mukuseka.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti kantchentcheka kwawo ndi konkuno. Ofufuza amati kanachokera chigawo chino cha Africa, cha ku Zambia ndi Zimbabwe uku, ndipo kuthengo kamakonda mfula, mfula yomweyi timaiponda m'njira tikatsikira kuchigwa. Kafalikira dziko lonse, azungu atengera mphoto pa iko, eni ake tikukaseka. Mwana wathu akati nanenso ndikaphunzire, timuchititse manyazi pamaso pa amake.

Mwina n'chifukwa kusukulu anangotiuza kuti ntchentche imabweretsa kolera, basi. Ija ndi ina, bambo, ya kuchimbudzi. Ndipo ya mwanayu si ijanso imaboola mango.

Tikanakhala kuti mwanayu anati akuphunzira zamalamulo, bwenzi mutamuwombera m'manja. Akanati ali kumgodi ku Moatize, bwenzi mukumupempha ya fodya. Koma wati ntchentche, ndiye mwaona choseketsa. Mwana wabwerera m'nyumba osamaliza thobwa yake. Amake usiku anandifunsa monong'ona kuti, "Achimwene, kodi ndalama zanga zija sizikupita m'madzi?" Mwaona chimene kuseka kwanu kwabala?

Ndipo ndi anthu omwewa amene mutu ukangowawa pang'ono amathamangira pamsika kukagula makapisozi a amoxicillin kwa mnyamata wogulitsa pa thebulo padzuwa, kumwa awiri, kusiya, otsalawo kumwetsa nkhuku. Mabakiteriya abwino a m'mimba aja akufa nawo limodzi ndi oipa, mawa kutsegula m'mimba, ati andilodza.