Petulo sagona naye m'nyumba, mwamva?

Kanema amene akuzungulira m'magulu a WhatsApp uja wandikwiyitsa, koma amene akuwombera m'manja pansi pake andikwiyitsa koposa. Bambo wamkulu ndi ndevu zake akunyadira zigubu za petulo zimene wasanja kumutu kwa bedi, zachikasu zija za mafuta ophikira za malita 20. Kamwana kakukwawa pomwepo. Chapakhomo mayi akudutsa ndi mbaula yamoto. Ndiye anthu n'kumamutama kuti ndi shasha, ati geni ndi imeneyi. Geni yanji? Petulo sagona naye m'nyumba. Kaya mafuta asowe chotani, kaya lita ikwere mtengo katatu, petulo sagona naye m'nyumba.

Zoti ndalama zakunja zikusowa n'chifukwa chake mapampu ali gwa, tonse tikuzidziwa, akambirane okha ku Capital Hill. Ine ndikunena za bedi lija.

Ambiri mukuyesa kuti choopsa ndi madzi ake a petuloyo, ndiye mukaika kapulasitiki pakamwa pa chigubu n'kumanga chivindikiro, mwati mwathana nazo. Ayi ndithu. Chimene chimayaka ndi mpweya umene petulo amatulutsa, fungo lija limakuwombani mukangotsegula chitseko. Amautulutsa nthawi zonse, ngakhale m'chisanu cha June ku Dedza. Mpweya umenewu ndi wolemera katatu kapena kanayi kuposa umene timapumawu, ndiye sukwera kudenga ayi. Umatsika n'kumayenda chapansipansi, kulowa kunsi kwa bedi, kutulukira kunsi kwa chitseko, mpaka kukapeza mbaula ili pakhonde. Moto umabukira kumbaulako n'kubwerera chaliwiro m'njira yomweyo mpaka pachigubu. Ndipo sipafunika wambiri. Magawo 2 okha pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda akakhala a petulo, chatsala ndi kambaliwali kamodzi basi.

Nanga m'nyumba zathuzi mbaliwali zingasowe? Magetsi akathima timayatsa kandulo kapena koloboyi. Koyilo ya udzudzu imafuka usiku wonse, ndipo timaiika pansi, pomwe mpweya uja wasonkhana. Swichi imathetheka poyatsa ndi pothimitsa. Firiji imadziyatsa yokha anthu muli mtulo. Nthambo zija munalumikiza n'kukulunga ndi pepala la shuga zimathetheka magetsi akabwera pakati pa usiku. Onjezerani malume amene sagona asanasute ndudu. Ndiye munthu n'kumati ine ndimasamala. Umasamala chiyani, poti mpweyawo suuona?

Pali china chimene ochita geniyi sachidziwa, kapena amachidziwa koma dyera. Petulo amafufuma akatenthedwa, lita iliyonse imawonjezera pafupifupi mililita imodzi kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Chigubu cha malita 20 chimene mwadzaza ndendende mbandakucha, masana a October pansi pa malata opanda siling'i kutentha kukakwera ndi madigiri 15, petulo uja wawonjezeka ndi mamililita pafupifupi 300. Limenelo ndi botolo lathunthu la Fanta. Apite kuti? Chigubu chimatupa, chivindikiro chimayamba kuchucha, simenti imamwa, mphasa imamwa, matilesi amamwa. Zigubu za mafuta ophikira sanazipangire petulo: n'zopyapyala, ndipo zivindikiro zake sizigwira mpweya. Komanso pokhuthula petulo kuchoka m'chigubu cha pulasitiki kupita m'china pamabadwa timagetsi tija timathetheka mukamavula juzi mumdima. Tomweto ndi tokwanira kuyatsa. N'chifukwa chake odziwa ntchito amaika chigubu pansi pothira, mlomo wa pampu utagunda pakamwa pa chigubucho, osati chili m'galimoto kapena pampando wa njinga.

Chikanakhala chakuti wosunga petuloyo apsa yekha, ndikanangoti zake zimenezo. Akuluakulu anati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nkhwangwa iyi ikutera pamutu pa ana a eni. Taganizani za nyumba za mdadada za ku Ndirande, Mbayani, Mtandire kapena Chinsapo. Mabanja asanu denga limodzi, makoma apakati osafika kumalata, mawindo otchinga ndi zitsulo, khomo limodzi, nalonso lokhoma ndi loko wamkulu kuopa akuba. Moto wa malita 100 sudikira kuti mupeze kiyi mumdima. Galimoto yozimitsa moto, ikapezeka n'komwe, imathera pamsewu waukulu chifukwa tinjira ta pakati pa nyumba sitidutsika. Mayi wa chipinda chachitatu amene sagulitsa petulo, alibe galimoto, alibe ngakhale njinga yakapalasa, walakwanji? Iye amalipira lendi kuti agone, mnzake wamusandutsira nyumba kukhala depoti osamufunsa.

Kodi za ku Caphiridzange tinaiwala kale? November 2016, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki ya mafuta imene inkachokera ku Beira kubwera ku Malawi kuno inaphulika anthu akutunga petulo ndi zigubu. Anafa anthu oposa 70, ena mwa iwo ana. Kumeneko kunali panja, mphepo ikuwomba. Inu mukuchita zomwezo m'kachipinda kotseka mawindo.

Moto wa petulo sazimitsa ndi madzi, ndipo apa ndi pamene anansi othamangira kudzathandiza amaonongera zinthu. Petulo ndi wopepuka, amayandama pamwamba pa madzi, ndiye mukakapiza ndowa mwangomunyamula akuyaka n'kumugawira nyumba yonse. Chofunika ndi mchenga, dothi, kapena chozimitsira moto cha ufa chija, ndipo zimenezi zimathandiza moto ukadali waung'ono. Ukakula tulutsani anthu, katundu musiyeni. Munthu zovala zikamuyakira asathamange, kuthamanga kumakupizira moto. Agone pansi agubuduzike, wina amufunditse bulangeti. Pachilonda thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenako kuchipatala. Zopaka mazira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta ophikira zija lekani, mukungowapatsa ntchito ina anamwino yopala chilonda. Amene anafikapo ku wodi ya anthu akupsa ku Queens kapena ku Kamuzu Central sangaseke kanema ujayu.

Mabotolo nawo. Petulo mukumugawa m'mabotolo a zakumwa a theka la lita n'kuwandandalika pansi pomwe mwana amafikira. Mwana aona botolo lomwe amamwera masiku onse, akweza. Zikatero musamusanzitse, musamulowetse chala kukhosi. Petulo akamabwerera kukhosi amalowa m'mapapo, ndipo kadontho kochepa kamayambitsa chibayo choopsa. Muvuleni zovala zonyowazo, thamangani naye kuchipatala. Achimwene a kabaza amene mumakoka petulo m'thanki ndi kapaipi pakamwa, mapapo anu akulandira zomwezo tsiku ndi tsiku.

Alipo amene akufunadi mafuta a jenereta kapena a pampu yothirira kudimba, amenewo sindikulimbana nawo. Njira yake ilipo: chigubu chachitsulo kapena cha pulasitiki wopangira mafuta, malita ochepa okwanira ntchitoyo, osadzaza mpaka pakamwa, siyani mpata wa zala zitatu. Chikhale panja m'kachisakasa kopita mphepo, pamthunzi, kutali ndi khitchini, ndowa ya mchenga ili pambali. Jenereta izimitseni izizire musanathire. Koma zogulitsa ndi nkhani ina. Kugulitsa mafuta kumafuna chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndipo chipinda chogona sichinalandirepo chiphaso chimenecho. Eni nyumba mukumva fungo la petulo pa mdadada wanu n'kukhala chete chifukwa lendi ikubwera pa nthawi yake, dziwani kuti malata amene adzapse ndi anu. Mafumu ndi amabuloko, maliro mumalengeza msanga, izi bwanji simukulengeza? Petulo sagona naye m'nyumba. Si chimanga ichi choti musunge kuchipinda kudikira mtengo.

Ndipo petulo wakeyo akanakhala weniweni! Ena amasakaniza ndi parafini kuti achuluke. Injini imayamba kugogoda pokwera mtunda, mapulagi amada bii, utsi mbwee, m'mawa njinga osalira. Kuyesa kwake n'kosavuta: dontheza pang'ono papepala loyera, petulo weniweni amauma osasiya kanthu, wa parafini amasiya banga la mafuta. Wina ali ndi madzi chifukwa zigubu sanaziumitse, kapena zinavumbwa. Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka madzi. Madzi akachuluka amapatukana ndi petulo n'kutsikira pansi pa thanki, pomwe pampu imakokera. Galimoto n'kumatsamwa pamsewu, mwini wake n'kumanyoza mekaniki. Mwalipira katatu mtengo wa papampu, mukagulenso sefa ndi mapulagi.

Nanga zigubu zonsezi zikudzadza kuti? Anthu agona pamzere pamalo omwetsera mafuta masiku awiri, afika pafupi akuuzidwa kuti atha. Chonsecho njinga yomweyomweyo yamwetsa kanayi, ikukakhuthula kuseri kwa mpanda n'kubwerera kutsogolo kwa mzere, wothira mafuta akulandira kangachepe m'manja, mlonda akuyang'ana kumbali. Bwana wa pamalopo asatiuze kuti sakuona. Makamera aja munapachika ndi a chiyani?