Dzuwa likalusa, mpweya wakumwamba umafufuma

Pa 3 Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inatumiza masetilaiti 49 a Starlink, opereka intaneti, m'mlengalenga. Pasanathe masiku ambiri, 38 anatsika n'kupserera mumpweya. Roketi inagwira ntchito yake bwinobwino. Chimene chinawagwetsa ndi mpweya womwe unachuluka mwadzidzidzi pamtunda wa makilomita pafupifupi 210 pomwe anawasiya, chifukwa cha mkuntho wa maginito wochokera kudzuwa. Mkunthowo sunali waukulu n'komwe.

Ambirife timayesa kuti kumwamba kuja n'kopanda kanthu. Mpweya uliko ndithu, wochepetsetsa, m'chigawo chotchedwa thermosphere, choyambira pa makilomita pafupifupi 90. Chigawochi ndicho chimamwa kuwala kwa dzuwa koopsa kwambiri, kosaoneka ndi maso. Ndipo dzuwa lili ndi nyengo zake: mkati mwa zaka pafupifupi 11 zilizonse limafatsa, kenako n'kulusa. Likalusa, kutentha m'chigawochi kumatha kupitirira madigiri 1,000, mpweya umafufuma n'kukwera, moti pa makilomita 400, pomwe International Space Station, siteshoni yakumwamba yokhalamo ofufuza, imazungulira, umatha kuchuluka kakhumi. Setilaiti imayamba kuyenda ngati munthu wowoloka mtsinje madzi ali m'chiuno, n'kumatsika pang'onopang'ono. Skylab, siteshoni yakumwamba ya ku America, inagwa mu Julayi 1979, zidutswa zake n'kumwazika ku Australia, dzuwa litalusa kuposa momwe akatswiri ankayembekezera.

Mkuntho wa maginito ndiye sudikira zaka. Dzuwa likalavula mtambo wa tinthu ta magetsi, mtambowo umafika patapita tsiku limodzi kapena masiku angapo n'kugwedeza maginito a dziko lapansi. Magetsi amayenda mumpweya wa kumapeto kwa dziko, kumpoto ndi kummwera, n'kuutenthetsa, ndipo m'maola ochepa kutenthako kwafalikira kale.

Apa ndi pamene mtima wanga sukhala m'malo. Pa mkuntho waukulu wa Meyi 2024, masetilaiti masauzande anadzikweza nthawi imodzi. Mpweya ukasintha chonchi, zimavuta kudziwa pomwe setilaiti iliyonse idzakhale mawa, ndiye ngozi yoti awombane imakula. Komabe makampani akungowonjezera atsopano.

Ine ndikuti amene akupindula ndi masetilaitiwa aike ndalama zenizeni pa ntchito yolosera nyengo yakumwambayi. Masetilaiti awo omwewo amamva kulemera kwa mpweya tsiku lililonse. Zimene amayezazo azipereke poyera kwa mabungwe ngati NOAA, bungwe loona za nyengo la ku America, ndi kwa ofufuza onse, osazisunga ngati chinsinsi cha malonda.