Maganizo anga: Land Rover yakale yochokera kunja, kodi mukugula galimoto kapena penti?

Masiku ano pa Facebook zithunzi za ma Land Rover ndi ma Land Cruiser akalekale zikungoyenda ngati mphepo. Penti waliwali, mipando yachikopa, matayala atsopano, ndiye pansi alembapo kuti galimoto inakonzedwanso yonse ndipo atha kukutumizirani pa sitima. Anzanga angapo mtima wapita kale. Sindikuwanena, magalimoto amenewa nanenso amandidolola. Koma ndinene mosabisa: munthu wolipira galimoto yotere atangoona zithunzi za kunja kwake, wagula penti. Galimotoyo sanaione n'komwe.

Vuto ndi lakuti aliyense atha kulemba kuti galimoto yake inakonzedwanso. Wina amaiphwasula yonse mpaka bawuti yomaliza, kupala chitsulo chilichonse, kudula powola n'kuwotcherera chitsulo chatsopano, kutsegula injini ndi giyabokosi, kusintha mawaya onse. Ntchito imeneyi imadya miyezi ndipo ndalama zake n'zoopsa. Wina amangoitsuka, kumata mabowo, kupopera penti, kuvundikira mipando, basi. Onse awiri akajambula galimoto itaima padzuwa, zithunzi zimafanana. Ndipo chiyambire pamene fakitale ya ku Solihull ku England inatulutsa Land Rover Defender yomaliza ya mtundu wakalewo mu Januwale 2016, mitengo inakwera, a gulu lachiwiriwa n'kuchuluka.

Land Rover ndiye imapusitsa kwambiri, chifukwa cha mmene inapangidwira kuyambira pachiyambi. Yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha kumene, chitsulo chikusowa ku Britain. N'chifukwa chake bodi yake anaipanga ya aluminiyamu, imene sichita dzimbiri lofiira lija. Galimoto ya zaka 40 itha kuoneka yabwinobwino m'mbali monsemu. Koma chasisi ndi chachitsulo, komanso khoma lija lolekanitsa injini ndi pokhala anthu ndi lachitsulo. Chasisicho chili ngati paipi ya makona anayi: matope ndi madzi zimalowa m'kati n'kukhala momwemo, ndiye chimawola kuyambira m'kati kubwera kunja. Onjezerani kuti ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, mudziwa chimene chakhala chikudya galimotoyo zaka zonsezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene analowapo kunsi kwa galimoto yotere ndi nyundo amadziwa. Ukagogoda chitsulo chamoyo chimalira ngwee. Ukafika powola chimangoti phu, n'kuyamba kuyoyoka zinyenyeswazi kukugwera m'maso. Malo oyamba kupita ndi chitsulo chopingasa chakumbuyo kwenikweni, pamene amamangirira ngolo, ndi timikono tija totuluka m'mbali tonyamula bodi. Kenako pansi poponda dalaivala, ndi munsi mwa zitseko. Mukaona penti watukusira timatuza, kunsi kwake kuli ufa woyera, pamenepo ndi pamene aluminiyamu wagundana ndi chitsulo ndipo zikudyana. Ndipo ine chasisi chopakidwa phula lakuda lokhuthala, latsopano, sindichikhulupirira ngakhale pang'ono. Wofuna kuteteza chitsulo chabwino amatero, wofuna kubisa mabowo amateronso.

Land Cruiser FJ40, imene Toyota inapanga kuyambira 1960 mpaka 1984, nkhani yake ndi ina pang'ono. Bodi yake ndi yachitsulo, ndiye imawola pansi ndi m'makona akumbuyo. Apa maginito amathandiza: pamene akukana kumata, dziwani kuti kunsi kwa pentiyo kulibe chitsulo, anangomatapo. Pa bodi ya Land Rover nzeru imeneyi siigwira, maginito sagwira aluminiyamu.

Za mapepala anthu amazitenga mopepuka, pamene ndi zimene zingakuluzitseni galimoto yonse tsiku limodzi. Ku America lamulo limalola galimoto yakunja yosakwaniritsa malamulo awo achitetezo kulowa ikakwana zaka 25. Akathyali ena ankatenga Defender yaposachedwa n'kuikhomera nambala ya chasisi cha galimoto yakale. Akuluakulu oona za katundu wolowa m'dzikolo atatulukira anayamba kulanda, ndipo mu 2013 ku Baltimore anaphwanya imodzi ndi makina n'kuonetsa kanema wake poyera. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa zaka za galimoto, mbali imene kuli chiwongolero ndi msonkho, ndipo muwadziwe galimoto isanakwere sitima, osati itafika padoko. Nambala yodindidwa pachasisi ifanane ndi ya pamapepala. Ngati anaika chasisi chatsopano choviikidwa mu zinki, ndi chinthu chabwino kwambiri, koma pakhale risiti ndi umboni wakuti zinachitika mwalamulo. Galimoto ya ku Britain ili ndi mwayi wina: nyumba yosungira mbiri ya magalimoto ku Gaydon imapereka chikalata chonena tsiku limene galimoto inapangidwa ndi mtundu wa penti umene inatuluka nawo, ndipo mbiri ya mayeso a MOT, oona chaka ndi chaka ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, imaoneka ulele pa intaneti ukalemba nambala ya galimoto. Muziwerenga ndemanga za oyesawo. Mukapeza kuti chaka chatha analemba za dzimbiri pachasisi, chaka chino galimoto ikutchedwa yatsopano, funsani kuti anakonza ndani.

Pali china chimene ndimasiyana nawo maganizo anzanga. Ambiri amasangalala akamva kuti anachotsa injini yakale n'kuikamo injini yaikulu yamakono ya V8, giyabokosi yosintha yokha ndi sikirini pakati. Ine ayi. Ubwino wa galimoto yakale ndi wakuti makaniko wamba amaimvetsa ndi masipanala okha. Injini ngati 200Tdi imene inabwera pa Defender mu 1990, kapena 300Tdi ya mu 1994, ikadwala umaona ndi maso chimene chavuta. Td5 ya mu 1998 inabwera kale ndi kompyuta, koma bola imeneyo buku lake lilipo. Nanga galimoto yosakanizasakaniza, imene mawaya ake amawadziwa ndi munthu mmodzi yekha wa kutsidya la nyanja, ikazima pakati pa tchire muyimbira ndani?

Ndipo musadzinamize kuti idzayenda ngati yamakono. Ngakhale itakonzedwa bwino chotani, ndi yaphokoso, imagwedeza msana, imadontha mafuta, mvula ikagwa madzi amapeza polowera. Zakale kwambiri mabuleki ake ndi a dramu, ABS yoletsa matayala kumanga poponda buleki kulibe, ma airbag kulibe. Woikonda amaikonda ndi zonsezi. Wofuna yonyamulira ana kusukulu tsiku ndi tsiku aganize kawiri.

Ndikanakhala ine wogula, ndikanasankha galimoto yotopa, penti wosuwa, koma yosabisa kanthu, kusiyana ndi yonyezimira imene mbiri yake palibe akuidziwa. Ngati mwatsimikiza kuti mukufuna yokonzedwa kale, pemphani zithunzi za nthawi imene inali yophwasulidwa, chasisi chili pachokha, bodi ili pambali. Munthu amene anagwiradi ntchitoyo amakhala nazo zambirimbiri ndipo amanyadira kuzionetsa, mpaka amakutopetsani nazo. Pezaninso makaniko wodziwa mtundu umenewu kudziko komweko, wosankhidwa ndi inu osati ndi wogulitsa, mumulipire kuti akaikweze m'mwamba, aigogode ndi kuilizitsa injini ili yozizira. Ndalama ya makanikoyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya sitima yokha.

Wogulitsa akakana zimenezi n'kuyamba kukuuzani kuti mutumize ndalama lero chifukwa pali wina akuifuna mawa, muuzeni kuti winayo aitenge.