A landilodi, ma city rate ndi anu

Ndapsa mtima kuyambira Loweruka ndipo mpaka pano sunatsike. Ndilankhule basi, wondida andide.

M'mawa ndili pa mpopi kuchapa mayunifolomu a ana, manja ali thovu lokhalokha, ndangomva geti kwee! A landilodi, osagogoda n'komwe, envelopu ya khaki ili m'manja. "Mayi, mwadzuka bwanji? Kwabweratu kalata ya ku khonsolo, muione." Ndapukuta manja pa chitenje, ndatsegula. Ngongole ya ma city rate, msonkho wa nyumba umene khonsolo imatolera, K640,000. Ndiye iwo akuti, mosaphethira n'komwe, "Mugawane ndi achimwene a kuseriko, muziwonjezera pa lendi pang'onopang'ono mpaka ithe."

Ine ndinayang'ananso pepalalo. Dzina lili pamwamba ndi lawo. Nambala ya puloti ndi yawo. Ngongoleyo inayamba kuunjikana ine ndisanalowe m'nyumbamo, ndikukhala kwina, nyumbayi sindikuidziwa n'komwe. Ndinawafunsa kuti bambo, dzina langa lili pati apa? Akuti dzina si nkhani, nkhani ndi yoti amene akugona m'nyumbamo ndi ine.

Amene akugona! Ndikugona ulere kodi? Pa 1 paliponse K250,000 imachoka m'foni mwanga kupita m'foni mwawo. Ndikachedwa masiku awiri okha, foni imalira ngati kwagwa maliro. Ndalama imeneyo ndi yogonera m'nyumbamo. Msonkho wa nyumba ndi wa mwini nyumba. Nyumba ndi yanu, msonkho ndi wanu. Chovuta kumva n'chiyani pamenepa?

Ma city rate si bilu ya madzi ayi. Madzi ndamwa ndine, ndachapira ndine, ndilipira ndine, ndipo sindinayambe ndakanapo. Mayunitsi a magetsi ndimagula ndekha, akatha mdima umagwera ine. Zimenezo ndi zanga chifukwa zimatha ndi mmene ndagwiritsira ntchito. Koma ma rate amawerengedwa potengera mtengo wa malo ndi nyumba imene yamangidwapo. Makhonsolo a mizinda yathu, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, amasunga kaundula wa mitengo ya nyumba, amene amayenera kuunikidwanso zaka 5 zilizonse, ndipo m'kaundulamo amalembamo eni ake. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 ndi limene limapatsa makhonsolo mphamvu yotolera ndalamazi. Mtengo wa nyumba ukakwera, wolemera ndani? Ine? Tsiku limene adzagulitse nyumbayi adzandiitana kuti mayi bwerani, nali gawo lanu, munkatithandiza ma rate? Akapita ku banki kukatenga ngongole, chikole ndi nyumba yomweyi, ine amandigawirako? Phindu lonse ndi lawo, koma ikafika kalata ya khaki ndiye mwadzidzidzi nyumba yasanduka "yathu".

Walira mvula walira matope. Munafuna kukhala landilodi, munafuna kuti ndalama izilowa mutakhala pansi pa mtengo wa mango mukuwerenga nyuzipepala. Landirani ndi matope ake omwe.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'choti anayamba kundiphunzitsa za kunja. Akuti mwana wawo ali ku UK ndipo kumeneko msonkho wa khonsolo amalipira ndi wochita lendi. N'zoona, kumeneko nthawi zambiri amalipira ndi wokhalamo, ndili ndi msuweni wanga ku Leeds amadandaula nazo mwezi ndi mwezi. Koma munthu amadziwiratu asanasaine, amawerengera pamodzi ndi lendi n'kuona ngati akwanitsa, ndipo kalata imabwera m'dzina lake, ya nthawi imene iye wakhalamo. Sam'senzetsa ngongole ya zaka za m'mbuyo ya mwini nyumba. Ndiponso kuno si ku Leeds. Mukafuna za ku UK tengani zonse, denga likadontha muzibwera kudzakonza sabata yomweyo, osangotolako zokomera thumba lanu.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Tsiku lolowa tinakhala pansi, tinalemba pangano, masamba awiri, ine ndinasaina, iwo anasaina, mboni inasaina. Muli lendi, muli madzi, muli magetsi, muli zoti ndisamakhome misomali pakhoma, muli zoti ndisaweteko nkhuku. Za nkhuku anakumbukira! Za ma rate mulibe ngakhale liwu limodzi. Akanafuna kuti ndizilipira ine akanalemba, ndikanawerenga, ndikanaona ngati ndikwanitsa kapena ndikasake kwina. Ndikudziwa kuti m'mashopu ndi m'maofesi ena m'tauni amagwirizana choncho, wochita lendi n'kumalipira ma rate, koma zimakhala zolembedwa kuyambira pachiyambi. Osati kudzuka Loweruka m'mawa n'kupeka lamulo pa geti.

Ndikudziwa zinthu zadula, simenti yadula, aliyense akulira. Inenso ndikulira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi inakwera mwezi wotsatira womwe, malipiro anga sanasunthe, ndinangoti chabwino. Pokweza paja ananena okha kuti "zolipira zachuluka". Zolipira zake ziti ngati ma rate simunkalipira? Ndalama imene ndakhala ndikukupatsani inkapita kuti? Mwana ali ku UK, galimoto mwasintha, kumudzi mukumanga, koma khonsolo mumaizemba ngati munthu wa katapila. Lero yakupezani ndiye mukuloza ine.

Ndipo mantha amene amatigwiritsa ndi omwewo: "mukapanda kulipira adzatseka nyumba, muvutika ndinu." Inde timaona m'nyuzi makhonsolo akutseka nyumba za malonda chifukwa cha ngongole za ma rate, ndipo amene amaima panja manja ali m'chiuno ndi wochita lendi, katundu wake atatsekeredwa mkati, mwini nyumba foni atathimitsa. Ndiye poti wovutika ndidzakhala ine, ngongoleyo yasanduka yanga? Kumeneko ndi kugwira munthu pakhosi. Ngongole ikakhalitsa, chimene chimagulitsidwa ndi nyumba, ndipo nyumbayo si yanga. Ine ndidzangomanga matilesi anga pa lole n'kumapita.

Achimwene a kuseri aja avomera kale. Ali ndi mkazi woyembekezera, akuti sangayambe kusaka nyumba pano. Sindikuwanena, ndikuwamvetsa. Ndi mmene amatipezerera. Amadziwa kuti nyumba n'zosowa, ma ejenti amafuna yawo ungoona chabe nyumba, kwina akufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Ndiye timangoti "chabwino bambo" mano tikukukuta. Ine chabwino ameneyo wandithera. Ndawauza kuti ngati akufuna ndikalipire ku khonsolo ndi dzanja langa, ndipita, ndikatenga lisiti, ndipo ndalama yonseyo ndidzaichotsa pa lendi, tilemberane kaye. Anangoti "tiona", geti kwee, ulendo.

Eni nyumba amene mukuwerenga, musabwere ndi zoti "si tonse". Ndikudziwa si nonse. Amene mumalipira zanu mwakachetechete nkhaniyi sikukukhudzani, pitirirani. Ndikunena awa amene amaona wochita lendi ngati ng'ombe yamkaka, ikamidwe m'mawa, ikamidwe madzulo, msipu ikadzifunire yokha. Msonkho wa nyumba yanu lipirani nokha. Ngati lendi sikukwanira, nenani poyera kuti ndikukweza lendi, mupereke notisi ngati anthu, ine ndisankhe kukhala kapena kuchoka. Koma ngongole yanu musaiveke dzina langa.

Komanso poti tayamba kukamba, dipoziti imapita kuti? Ndani mwa inu anabwezeredwapo dipoziti yonse, aimike dzanja ndimuone. Nyumba yomwe ndinachoka ija anandidula ya penti, khoma lake ndinalipeza lakuda kale ngati la m'khitchini ya nkhuni. Kuno nako denga la kuchipinda kwa ana likudontha chaka chachitatu tsopano. Ndinanena, ndinatumiza zithunzi pa WhatsApp, anaziona, timizere tiwiri tabuluu. Mvula ikangoyamba timakoka bedi n'kuika beseni pakona paja, usiku wonse tho, tho, tho. Malata awiri okha ndi misomali.