Chenjezo kwa inu amene mumati ndi ukalamba mayi anu akamachita befu

Ana anga, ndatopa nawo mchitidwe umene ndikuuona m'makomo mwathu. Mayi wachikulire akayamba kupuma mwabefu pokwera kachitunda kochokera kudimba, kapena akatupa mapazi mpaka patapata kukana kulowa, inu mumangoti ndi ukalamba, kenako n'kukawagulira Indocid kapena Brufen pagolosale, osadziwa kuti mankhwala amenewa amasunga madzi m'thupi ndipo amawonjezera vutolo.

Befu ndi kutupa kumeneku zikhoza kukhala zizindikiro za matenda a mtima amene madokotala amawatcha diastolic heart failure. Mtima umapopa ndithu, ndipo akauunika ndi makina kuchipatala amapeza kuti mphamvu yake yokankhira magazi ikadalipo, koma mnofu wake umakhala utakhuthala ndi kuuma, moti sumasuka mokwanira kuti ulandire magazi usanagundenso. Magaziwo amaunjikana kumapapo, munthu n'kumabanika. Pafupifupi theka la anthu amene mtima wawo ukulephera kugwira bwino ntchito ali ndi mtundu umenewu.

Odwala ake mukuwadziwa, chifukwa mumadya nawo nsima. Ambiri ndi okalamba, makamaka amayi, amene akhala ndi BP yokwera kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri amakhalanso ndi shuga, thupi lonenepa kwambiri, vuto la impso kapena mtima wogunda modumphadumpha. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti kuno ku Malawi pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi BP yokwera, choncho musaganize kuti ndi nthenda ya azungu.

Mchemwali wanga ankagona chokhala, atatsamira mapilo atatu, chifukwa akangoti agone chagada mpweya unkamuthera. Ukamudina ndi chala pamsongolo, kadzenje kankatsala pomwepo. Ana ake ankati ndi mphumu. Pamene ankamutengera kuchipatala, n'kuti atasiya mankhwala a BP kwa miyezi, ati poti mutu unali utasiya kuwawa, ndipo panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anatsegula buku lake la kuchipatala kuti aone tsiku lobwererako.

Nanga mchere? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, komabe inu mumathira mchere mu usipa wouma umene uli kale ndi mchere, soda mu therere, n'kuikanso kambale ka mchere pamphasa pomwe gogo akudyera. Chotsani kambaleko. Ayezetseni BP, ndipo ikamafika 140/90 kapena kupitirira apo, kapena mukaona kuti akudzuka usiku akusowa mpweya, pitani nawo kuchipatala msanga ndipo mukafotokoze za mapilo aja ndi kutupa kwa mapaziko.