Kungoti "chokongola" sikum'thandiza wojambula

Anzanga amene timajambula mapiri, madambo, mbalame ndi mitambo pongozikonda, pali chizolowezi china chimene chikutibweza m'mbuyo. Mnzathu akationetsa chithunzi chake timangoti "chokongola zedi" n'kupitirira. Munthuyo analawirira kusanache, anadikira dzuwa mapazi ali m'mame, ife n'kumupatsa mawu awiri amene tikanapatsa chithunzi china chilichonse. Ambiri amati kumeneko ndi kulimbikitsana. Ine ndimaona kuti tamusiya pomwe anali, ndipo chaka chamawa adzajambulabe chimodzimodzi.

Aliponso ena amene amafika atanyamula malamulo. Akangoona mzere wa chizimezime uli pakati, basi chithunzi chalakwa, ati lamulo limafuna kugawa chithunzi patatu n'kuika mzerewo pa umodzi mwa mizere yogawirayo, osati pakati. Lamulo limeneli analilemba koyamba ndi John Thomas Smith wa ku England mu 1797, ndipo ankanena za zojambula pamanja, pakuti luso lojambula ndi kamera linalengezedwa poyera mu 1839. Limathandiza amene akuyamba kumene, sindikukana. Koma phiri likamadzionera m'nyanja yabata, mzerewo ukakhala pakati m'pamene chithunzi chimagwira mtima. Woloweza lamulo amadzudzula chinthu chimene mwini wake anachita dala.

Chimene ndimapempha n'chapafupi. Nenani pamene diso lanu lafikira koyamba, kumene lalowera, ndi pamene lakodwa. Mwachitsanzo: "Diso langa lathamangira pa mwala woyera uli pakona yakumanzere, mathithiwo ndawaona pambuyo." Mawu amenewa ndi amtengo wapatali chifukwa wojambulayo sangathe kuziona yekha. Iye anali pamalopo. Akayang'ana chithunzicho amamvabe mkokomo wa madzi, fungo la dothi lonyowa, kuzizira kwa m'mawa uja, ndipo zonsezi amaziwonjezera pachithunzi osadziwa. Inu mulibe zonsezo, muli ndi chithunzi chokha, ndiye ndinu mungamuuze chimene chatsala zinazo zikachoka. Diso la munthu limakopeka ndi pamene pawala kwambiri, pamene pakuoneka bwino kwambiri, ndi pamene choyera chagundana ndi chakuda. Ngati malo atatuwa sali pa chinthu chimene iye ankafuna kuti tione, vuto lagona pamenepo, ndipo simufunika kukhala katswiri kuti mulitchule.

Musananene zambiri, funsani: "Mumafuna kutionetsa chiyani?" Madzi a mathithi akajambulidwa shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, itatseguka theka la sekondi amaoneka osalala ngati utsi, pamene pa 1/1000 ya sekondi dontho lililonse limaima palokha. Zonse ndi zabwino, zimangotengera chimene munthu amafuna. Chithunzi chakuda mwina n'chakuda chifukwa mvula inali itatsala pang'ono kugwa ndipo iye amafuna kuti timve kulemera kwa mitamboyo. Mukamuuza kuti awalitse, mwamuuza kuti ajambule chithunzi chanu.

Kenako siyanitsani zimene angakonze usiku womwewo pa kompyuta ndi zimene zikufuna abwererenso kumaloko. Chizimezime chopendekera, nthambi yolowerera m'mbali, mtundu wobiriwira wowonjezedwa mpaka udzu kuoneka ngati pulasitiki, kamzere kowala kozungulira phiri chifukwa chowalitsa malo amdima mopyola muyeso, zonsezi zimakonzeka. Koma thambo likayera mbee osatsala kanthu, ngakhale fayilo ya RAW, imene imasunga zonse zimene kamera yatola, imabweza zochepa chabe, ndiye muuzeni kuti ulendo wina aziyang'ana histogram, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi, ngati yaunjikana kumapeto a kumanja, kumbali ya zoyera. Mbalame youluka ikachita mbuu pa 1/250 ya sekondi, palibe pulogalamu imene ingabweze diso lake bwinobwino, pamafunika 1/1000 kapena 1/2000. Wina amatseka kabowo ka lenzi mpaka f/22 poganiza kuti zonse zioneka bwino, n'kudabwa chithunzi chafewa, pamene kabowo kokulirapo ka f/8 kapena f/11 kakanakwana. Mukatchula chifukwa chake, munthuyo wapeza choti akachite. Mukangoti "sichikuoneka bwino", mwangomupatsa chisoni. Ndipo sankhani chinthu chimodzi kapena ziwiri zazikulu. Zolakwa khumi zikabwera nthawi imodzi, munthu amangoika kamera m'chikwama.

Langizo limene limandipweteka kwambiri ndi lakuti "gulani kamera yabwino". Wojambula ndi foni amene wadikira kuwala kwa dzuwa likamalowa n'kusankha bwino poima amabweretsa chinthu chamoyo kuposa wa lenzi yaikulu amene wajambula dzuwa lili paliwombo.

Tsopano kwa ife olandira. Poonetsa chithunzi, nenani chimene mukufuna kumva. Ngati mukungogawana chimwemwe cha ulendo, nenani, tisangalale nanu. Ngati mukufuna kudziwa ngati mitunduyo yapyola, funsani zimenezo. Wina akatchula chofooka, pakamwa pamayabwa kuti tifotokoze: "kunalibe poima", "mphepo inali yambiri". N'zoona, koma woona chithunzicho sadzamva nkhani imeneyo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Izi sizikutanthauza kuti muzichita chilichonse chimene mwauzidwa. Anthu angapo osadziwana akapunthwa pamalo amodzimodzi, dziwani kuti pamenepo pali kanthu, ngakhale mankhwala amene akupereka atakhala olakwika. Kuona vuto n'kwawo, kusankha chochita n'kwanu.

Musaope kusintha chithunzi chimene munachimaliza kale. Katswiri wojambula wa ku America, Ansel Adams, anajambula mwezi ukutuluka pamwamba pa mudzi wa Hernandez ku New Mexico mu 1941, ndipo anatsuka chithunzicho mobwerezabwereza kwa zaka zambiri. M'zoyambirira thambo linali lotuwa, mitambo ikuoneka m'mwamba. M'zimene anatsuka cha m'ma 1970 thambolo linada bii. Filimu inali yomweyo, koma diso la mwini wake linkakula. Ngati iye sanaone chithunzi chake chotchuka ngati chosakhudzika, ife tikanirenji kuyesa kudula m'mbali pang'ono mnzathu akatiuza?

Pali malo amodzi pamene sindifewetsa mawu, ndipo ndikupempha kuti nanunso musafewetse. Ndi pamene chithunzi chapweteketsa chimene chajambulidwacho. Mukaona tiana ta mbalame tili yasaa m'chisa, masamba otchinga atachotsedwa, musayambe ndi kuyamikira kuwala. Funsani kuti anayandikira bwanji, chifukwa chisa chovundukulidwa chimaonedwa ndi zodya anapiye ndipo kholo likaopsezedwa limatha kuchithawa. Kuliza mobwerezabwereza mawu a mbalame pafoni kuti ibwere kumaichotsa pa ntchito yake yodyetsa ana ndi kulondera malo ake. Foni zambiri zimalemba mkati mwa fayilo malo enieni pamene chithunzi chajambulidwa, ndiye chithunzi cha chipembere kapena duwa losowa chikhoza kulondolera opha ndi ozula. Uzani mnzanu azimitse GPS asanajambule, kapena achotse malowo mu fayilo asanachitumize.

Funsaninso ngati nyamayo inali yakutchiredi. Mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, umene amayendetsa a Natural History Museum ku London, unalanda mphoto yaikulu ya 2009 oweruza ataona kuti mmbulu wodumpha chipata uja unali woweta. Mu 2018 anachotsanso chithunzi cha nyama yodya chiswe ili pachulu ku Brazil, akatswiri atagwirizana kuti inali yakufa kale, youmitsidwa. Chachiwirichi chinaululika chifukwa anthu ena anayang'anitsitsa n'kukauza oyendetsa mpikisanowo. Ife sitipikisana nawo kumeneko, koma funso lakuti "munaipeza bwanji?" tiyenera kulifunsana mwaulemu, ndipo wofunsidwa ayankhe mosabisa, ngakhale yankho litakhala lakuti inali mu khola.